Masamba amene ndinaika pamsewu wa eni

"Ukafika kwa eni, maliro awo uzilira ndi diso limodzi. Linalo lizipenya njira yothawira."

Anandiuza mawu amenewa ndi malume anga a Zakeyu, pa siteshoni ya sitima ku Golomoti, tsiku limene ndinkanyamuka. Iwo anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, nabwerako ndi chipewa chimodzi ndi chifuwa chosatha. Sanandiletse ulendo. Anangondigwira pamkono n'kubwereza mawuwo kawiri, ngati akumwetsa mankhwala mwana wokana. Ndawasunga moyo wanga wonse. Ndinawaphwanya kamodzi kokha, ndipo kamodziko ndiko ndikufuna ndikuuzeni, poti anthu a kuno amadziwa nkhani ina, yabodza, imene ndinaiyambitsa ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndine Nankhoma. Dzina la ubatizo ndi Velonika, anandipatsa ku Mua. Mwamuna wanga anapita kumigodi mwana wathu Esinati akukwawa. Makalata anabwera zaka ziwiri, kenako zii. Chaka chimene mtsinje unasefukira n'kukokolola thonje ndi chimanga chomwe, Esinati anali wofika poyamba sukulu, alibe diresi, alibe nsapato. Ndinakhala pamchenga pomwe panali munda wanga n'kunena kuti basi, ndikamufune bamboyo, ndipo akandikana ndikagwire ntchito ndekha. Mwana ndinamusiya ndi mng'ono wanga Lusiya. Potsazika sindinalimbe mtima kumuuza zoona.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Ku Balaka, kukagula mchere. Ndibwera mawa."

Za ulendowo sindichulutsa. Sitima mpaka ku Limbe, kenako pansi pa tenti ya lole, pakati pa matumba, kudutsa ku Tete nkhondo ili mkati. Mtsinje wa m'malire ndinawoloka ndi miyendo, m'chilimwe, nsapato zili pamutu. Bambo a Esinati ndinawapeza, inde. Anali m'lokeshoni ya anthu akuda ya tauni ina imene sinditchula, ali ndi mkazi wa konko ndi ana awiri. Nditawapatsa moni anandiyankha m'Chizulu.

"Bambo a Esinati, ndinetu ine."

"Dzina limenelo usalitchule pano," anatero chapansipansi, maso ali kumsewu.

Patapita masabata awiri anandibweretsera chiphaso cha mayi wina wa mtundu wa Chishangani, dzina lake Gladys. Kaya anamwalira, kaya anachitaya, sindinafunse. "Kuyambira lero ndiwe ameneyu. Chinyanja chako uchikwirire. Akadziwa kuti ndiwe wa ku Nyasa akubweza tsiku lomwelo. Ndipo pakhomo pano usapondeponso." Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi ameneyo. Ndiye inu mukamadabwa kuti sindikhulupirira anthu, yambirani pamenepo.

Ntchito ndinaipeza kudera la azungu. Ndinkagona m'kanyumba ka kuseri, pafupi ndi khola la galu. Kapu yanga ndi mbale yanga zinali zachitsulo, zinkakhala pansi pa sinki, pamodzi ndi sopo wokolopera. Adona anga sanali a nkhanza zoonekera, ndisawanamizire. Ankandipatsa zovala zakale, ndikadwala ankandipatsa mapiritsi. Koma dziko lonselo linali lodulidwa pawiri ngati papaya: khomo la azungu, khomo la ife, benchi la azungu, ife chiimire, basi yawo, basi yathu, chipatala chawo, chipatala chathu. Ine sizinkandikhudza, ndinkatero mumtima. Chomwe ndinabwerera ndi nsapato za mwana.

Zaka zisanu. Chichewa ndinkalankhula ndi tsache basi. Makalata ndi katundu ndinkapatsira dalaivala wina wa lole, wa ku Ntcheu, amene ankabwera patalipatali. Ndinkagula madiresi moyerekeza, poti msinkhu wa Esinati ndinkaudziwa ndi wa tsiku lomwe ndinamusiya. Lusiya ankayankha mizere itatu: mwana ali bwino, diresi inachepa, tumizani ina. Yochepayo ankavala ndani, Lusiya alinso ndi ana aakazi awiri? Sindinafunse, koma ndinkadziwa. Kusungulumwa kwa kumeneko sikuli ngati kwa kuno. Kuno ukasungulumwa umamvako mbuzi, umamva wina akusinja. Kumeneko unkamva galu wa mzungu akupuma kuseri kwa khoma, basi.

Nyumba yoyandikana nayo inali ndi wantchito dzina lake Dora, Msotho, wonenepa, woseka mokweza ngati alibe bwana. Tinkakumana pa waya wa mpanda poyanika zovala. Tsiku lina mchere unandithera, ndinapita kukanyumba kake. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti "Odi!" Atandipatsa, ndinalandira ndi manja awiri, bondo litapinda. Dora anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Gladys, ndiwe Mshangani wa kuti iwe? Ndakupatsa moni wa Chishangani katatu konse, iwe kumangoonetsa mano. Lero ukugwadira mchere. Ndiwe wa ku Nyasa, eti?"

Mwezi wathunthu chikwama changa chinali chomangamanga, ndikudikira apolisi. Sanabwere. M'malo mwake Dora anandiphunzitsa moni wa Chishangani, kundibwerezetsa mpaka lilime litawongoka. Ankanditcha "Nyasa", koma monong'ona, pakati pa mashiti onyowa. Ngakhale zinali choncho ndinkamuyang'anabe ndi diso lija. Ndinkati alipo amene akumuuza, nanga munthu angasunge chinsinsi chaulere?

Masiku amenewo dziko linkawira. Anthu akuda ankakana kugula m'masitolo a azungu, ankayenda pansi mtunda wautali kukana mabasi, ena ankapita dala kukakhala pamalo oletsedwa n'kudikira kuti awamange. Lachinayi, tsiku lathu lopuma, amayi a mpingo ankasonkhana, ndipo si za Mulungu zokha zimene zinkakambidwa. Dora ankandikoka.

"Tiye, Nyasa."

"Ayi, zimenezo n'za eni."

"Za eni? Kapu yako imakhala pati?"

"Pansi pa sinki."

"Yanganso pansi pa sinki. Ndiye eni akewo ndi ati?"

Ndinkangoseka. Iye ankapita yekha.

M'mawa wina ndinamva chinthu chikugwa kuseri kwa mpanda. Dora anali gone pansi pa chingwe, beseni litagubuduka, mkono umodzi ukunjenjemera. Adona ake kunalibe. Anga anatulutsa galimoto, ndiwayamikire pamenepo. Ndinakhala kumbuyo, mutu wa Dora uli pamiyendo panga. Chipatala chinali pafupi, misewu itatu yokha. Pachipata panabwera bambo wa yunifolomu, nasuzumira pawindo, nayang'ana nkhope ya Dora.

"Kuno ayi. Pitani naye kwawo."

Adona anachonderera pang'ono, nkhope itafiira. Bamboyo anangoloza chikwangwani. Chipatala cha ife chinali kutsidya kwa njanji, kumapeto enieni a tauni. Tili pa maloboti achiwiri Dora anatsegula maso.

"Nyasa," anatero, adona akumva kapena osamva, kaya, "zovala zija sindinamalize kuyanika."

Pa maloboti achitatu anali atapita.

Lachinayi lotsatira kunabwera mayi wina kudzandipeza, MaNkosi, mtsogoleri wa amayi a mpingo aja. Anali nesi kale, wamtali, wolankhula mosathamanga. Anati maliro a Dora sapita kumanda mwakachetechete ngati a nkhuku. Adzanyamula bokosi pamapewa, kudutsa nalo m'dera la azungu, kukaliika pamsewu patsogolo pa chipata chija, n'kukhala pansi ola limodzi. Zonsezo zinali zoletsedwa: kusonkhana, kuyenda ndi maliro pansi, kulowa m'dera lija mwaunyinji.

"Atimanga, zimenezo tikudziwa," anatero. "Koma mverani malamulo athu. M'manja musakhale kanthu. Mwala ayi, ndodo ayi, ngakhale ambulera. Akakumenyani, manja pamiyendo. Akakunyamulani, lemerani, koma osakoka. Apolisi akufuna chifukwa. Ife tisawapatse. Inu Gladys, ndinu amene munamugwira mutu. Mukhalepo."

Ndinati mwendo ukundipweteka.

"Dora ankati ndinu wa mawu ochepa koma wa mtima," anatero, nadzuka. Ine mumtima: ankatinso chiyani china?

Ndinasinkhasinkha masiku atatu. Kumangidwa kwa iwo kunali masiku ochepa m'chitokosi. Kwa ine kunali kutha kwa Gladys, kutha kwa ntchito, kutha kwa sukulu ya Esinati. Koma kwathu munthu amene anakupatsako mchere sujomba pamaliro ake. Ndinagwirizana ndi mtima wanga kuti ndipita, koma ndikaima kumbuyo kwenikweni. Ndinapita kawiri kukayendera malowo, ndinapeza kanjira kopapatiza pakati pa mipanda iwiri kotulukira kumsewu wina. Diso limodzi la Dora, linalo la kanjirako. Malume akanakondwa.

Tsikulo amayi anali ambiri ngati pa misa ya Khirisimasi ku Mua. Bokosi analiika pa mabenchi awiri, pakati pa msewu, onse n'kukhala pansi mozungulira, chete. Apolisi anali tsidya lina ndi agalu ndi zikoti, atangoima. Sankayamba, poti panali azungu ena ojambula zithunzi, ndi amayi angapo achizungu amene anaima pambali ndi ife. Zonse zinkayenda monga MaNkosi anakonzera.

Koma magalimoto. Inu, magalimoto aja! Ankaliza mabelu, kukwera m'mbali mwa msewu, kudzipanikiza pakati pa anthu. Ina inadutsa pafupi mpaka galasi lake linakola nsalu ya pabokosi. Mnyamata wa m'katimo analavula.

Inu a kuno mukudziwa zomwe timachita pakagwa maliro pafupi ndi msewu. Timathyola nthambi zamasamba n'kuziyala chopingasa, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Woyendetsa galimoto akaona amachepetsa liwiro, wailesi amazimitsa. Wa njinga amatsika n'kuikankha. Wa chipewa amavula. Palibe amene amalamula. Masambawo ndiwo amalankhula.

Ndiye ine nditaima kumbuyo kuja ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi: msewu uli mbee, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinati, ohoo, n'chifukwa chake! Anthuwa sakudziwa kuti pano pali maliro. Amayiwa chisoni chawaiwalitsa. Ndikulumbira, ndinaganiza choncho ndithu, mayi wamkulu wa mwana. Zaka zisanu ndili m'dziko lija, ndinali ndisanapiteko kumaliro ndi kamodzi komwe, ndiye ndikanadziwa bwanji kuti mwambowu ndi wathu wokha? Ndinamuchitira manyazi Dora. Panali mtengo wa jakaranda m'mbali mwa msewu. Ndinathyola nthambi, zikuluzikulu ndithu, n'kuzikoka, kuyala kumtunda, kubwerera, kuyala kumunsi. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chifikire m'dzikomo. Ndinati tsopano mnzanga ali ndi maliro enieni.

Mkulu wa apolisi anakweza chimkuzamawu. Ndinamva mawu awiri okha: mwatchinga msewu ndi mitengo, mwatenga zibonga.

Chifukwa ankachifuna chija ndinawapatsa ndine.

Anabwera mothamanga. MaNkosi anaimirira kamodzi n'kufuula, "Manja pamiyendo! Manja pamiyendo, amayi!" nakhalanso pansi. Zikoti zinkamveka ngati anthu akupuntha mpunga. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anabwezera. Ena ankalira, ena anayamba nyimbo, koma manja ali pamiyendo. Amayi ake a Dora, nkhalamba yochokera kutali kumudzi, chikoti chinawapeza padiso. Ndinaona ndi maso angawa magazi akutsikira pabulangeti lawo, iwo osasuntha.

Kanjira kanga kanali pompo, kotseguka, kopanda wapolisi. Ndinakaona bwinobwino ndi diso lija anandipatsa malume. Masitepe khumi, ndikanakhala Gladys mpaka lero. Koma diso linalo linaona kuti amayi onse a pafupi ndi bokosi awakokera kumalole, ndipo Dora watsala yekha pakati pa msewu, agalu akununkhiza mabenchi. Kwathu mtembo sausiya wokha, ngakhale kuti ukatunge madzi. Miyendo inapita yokha. Ndinakhala pansi, msana kutsamira benchi, miyendo tambasu, monga timakhalira m'siwa. Wapolisi anati dzuka. Sindinadzuke. Anatinso dzuka. Ndodo inatera pamkono uwu wamanzere, ndinamva kuti thyo. Sindinakweze dzanja. Musati kunali kulimba mtima. M'siwa sachitiramo ndewu, basi.

M'chitokosi anatiunjika ngati matumba a thonje. Dzuwa likadali pamutu, kutentha, fungo la magazi. Ndinaona kuti pondizungulira pali mpata, amayi akundithawa. Mmodzi analankhula mokweza.

"Ndi uyu. Ndinamuona akukoka mitengo. Kumisonkhano sanabwereko ndi tsiku limodzi, lero ndi amene akudziwa zochita? Anamutuma. Ndi kazitape."

Mawu amenewo kumeneko ankapha munthu. MaNkosi anabwera, mlomo utatupa, nakhala patsogolo panga.

"Gladys, tinati m'manja musakhale kanthu. Anakuuzani ndani kuti muthyole mitengo?"

Ndinayang'ana nkhope zonse zija. Kuti ndifotokoze masamba, ndinayenera kufotokoza kwathu. Kuti ndisunge Gladys, ndinayenera kukhala kazitape amene anagulitsa maliro a Dora. Ndinaganiza za Esinati, Mulungu ndi mboni. Koma pakona panali amayi a Dora atagwira nsanza padiso, akundiyang'ana ndi lotsalalo.

"Sindine Gladys," ndinatero. "Ndine wa ku Nyasa. Kwathu pakakhala maliro timayala masamba pamsewu kuti odutsa apereke ulemu. Ndimayesa mwaiwala."

Wina anaseka pang'ono, kuseka kowawa. MaNkosi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kwanuko magalimoto amamveradi masamba?"

"Amamvera."

"Ngakhale galimoto ya munthu wamkulu?"

"Ngakhale ya nduna."

"Ngakhale womwalirayo ndi wantchito wa m'nyumba?"

"Masamba safunsa kuti wamwalira ndani."

MaNkosi anaphimba nkhope ndi manja. Sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Kenako anavula mpango wake n'kundimanga mkono. Amayi a Dora anandiitana ndi dzanja, ndinapita chokwawa, anandigwira kumutu.

M'mawa mwake wapolisi anatsegula chitseko. Sanaitane Gladys. Anati, "Wa ku Nyasa uja ali kuti?"

Anamuuza ndani? Tinalimo amayi okhaokha, onse omenyedwa limodzi. Pamene ankanditulutsa onse anaimirira n'kundiimbira nyimbo, ndipo ine ndinkayang'ana pakamwa pa aliyense, n'kumati mmodzi wa inu akuimba ndi lilime lomwelo. Mwina sanali iwo. Mwina makoma anali ndi makutu. Ndakhala nalo funso limeneli mpaka imvi. Anzanga aja ndinamva kuti anatuluka patapita masiku, maloya atawalankhulira. Adona anga sanabwere. Komwe anamuika Dora sindikudziwa.

Anandibweza pandege, ine amene ndinapita chobisala pansi pa tenti. Ku Chileka anandilandira amuna a masuti, m'kachipinda. Inu ana a lero simudziwa: boma lathu la nthawi imeneyo linali pa ubwenzi ndi boma la azungu lija, ndipo munthu wobwera ndi fungo la ndale ankalowa m'galimoto osaonekanso. Mmodzi anayang'ana mkono wanga, nayang'ana mizere ya chikoti pakhosi.

"Mayi, zipserazi n'za chiyani? Munalowa nawo zipolowe za kumeneko?"

Ndinagwada. "Ayi bwana. Ndinaba malaya a adona. Ndiye anandimenya."

Anaseka, mnzakeyo n'kusekanso. Nkhope zawo zinamasuka ngati ndawauza nkhani yabwino. "Mwatichititsa manyazi," anatero, nalemba kalata yopita kwa tcheyamani wa chipani wa kwathu. Kalatayo inafika ku Golomoti ine ndisanafike.

Ndinatsika sitima ndi chitenje chimodzi ndi mkono wokhota. Pakhomo pa Lusiya panaima mtsikana wamtali, mabere akuyamba, atavala diresi imene sindinaigule ine. Anandiyang'ana osagwada, osamwetulira.

"Mchere uja uli kuti?"

Lusiya anamukalipira, koma mawu anali atatuluka. Kuyambira tsikulo ankanditcha "amayi a ku Joni". Amayi enieni anali Lusiya.

Malume a Zakeyu okha ndi amene sanapusitsike. Ananditengera kumunda wa thonje, kutali ndi makutu, nandigwira mkono wothyokawo, akutsokomola.

"Chikoti cha wakuba chimatera kumsana, pothawa. Ichi chinakupeza utakhala. Unalira ndi maso onse awiri, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Usauze munthu. Ngakhale mwana. Wakuba amasekedwa, wandale amasowa."

Anamwalira chaka chotsatira, chinsinsi chili m'mimba.

Ndiye ndinakhala wakuba. Nkhuku ikasowa m'mudzi, anthu ankadutsa dala kuseri kwa nyumba yanga kuyang'ana nthenga. Kutchalitchi anandichotsa pa gulu lochapa nsalu za paguwa, mwaulemu, ati mkono wanu. Pamsika wa Mtakataka ndikayandikira, mayi wa usipa ankakokera lichero pafupi. Esinati kusukulu ankamuimba nyimbo, mpaka anasiyira panjira, sukulu yomwe ija ndinapitira ku Joni. Kumeneko ndinaona anthu akumenyedwa chifukwa cha khungu, ndipo ndinkati kwathu kulibe zotere. Kunalibedi chikwangwani. Tonse akuda, benchi limodzi. Koma mantha ndinawapeza akununkha chimodzimodzi, ndipo kuno panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti tiyeni tikhale pansi pamsewu. Ine ndemwe, amene ndinakana kudzuka pamaso pa mzungu wa ndodo, ndinagwada pamaso pa wakuda mnzanga wa cholembera n'kudzipaka matope.

Zipani zambiri zitabwera, anthu anayamba kulankhula. Mwadzidzidzi aliyense anali atalimbanapo ndi boma lakale, ndi tcheyamani uja yemwe. Ndinati ndikayamba ine, adzati wakuba wapeza nyimbo yatsopano. Ndinakhala chete. Ndinauza munthu mmodzi yekha, Esinati, pamene matenda aatali aja anamugoneka ndipo anabwera kudzadwalira m'nyumba mwanga, poti kwa Lusiya analibe malo. Ndinkamusambitsa ndi mkono umodzi. Tsiku lina masana ndinamuuza zonse, za Dora, za masamba, za m'chitokosi, za ku Chileka. Anamvetsera mpaka kumapeto, nandigwira dzanja ndi zala zake zowonda zija.

"Amayi, musavutike n'kupeka nkhani. Ine ndinakukhululukirani kalekale."

Aka kanali koyamba kunditcha amayi popanda "a ku Joni". Sindinamutsutse. Anamwalira sabata yomweyo.

Masamba a maliro ake ndinayala ndekha pamsewu wa tala, ndinakana kuti anyamata andithandize. Ndinaima pambali n'kumaonerera. Lole yaikulu yochokera ku Salima inachepetsa liwiro, dalaivala anavula kapusi. Wa njinga ya makala anatsika n'kukankha. Ndinati MaNkosi, bwerani mudzaone, sindinakunamizeni. Anthu omwe aja ankamuimba nyimbo mwana wanga anadzaza bwalo, akulira ndi maso onse awiri. Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa za kwathu kuno. Masamba safunsadi kuti wamwalira ndani. Koma amadikira kuti ufe kaye.

Esinati anandisiyira mdzukulu, Tadala. Ndinamulera, wakula, ndipo pano ali ku Joni komweko, amaluka tsitsi. Amatumiza mawu pa foni ya aneba, ine n'kumamvera aneba ali pompo, makutu ali tcheru. Akuti olamulira tsopano ndi akuda, zipatala zimalandira aliyense, mabenchi alibe zikwangwani. Kaya kukhala pansi kwathu kuja kunathandizako, kaya zikanasinthabe, ine sindidziwa, ndipo sindidzitama, poti gawo langa linali kuthyola mitengo n'kuphulitsa diso la nkhalamba. Akutinso m'minibasi salankhula Chichewa, amaopa, poti akuda anzake a konko amati alendo achoke. Amenewo ndi zidzukulu za amayi aja amene anandiimbira nyimbo. Tsiku lomwe Tadala ankakwera basi pa Golomoti ndinamugwira pamkono n'kumuuza mawu a malume, kawiri. Basi itanyamuka ndinachita manyazi, koma sindinawabweze.

Pano ndimakhala ndekha. Lusiya anapita, bambo a Esinati kaya. Mkono umandiuza za mvula isanabwere. Ana a masiku ano sadziwa chomwe ndinaba, amangodziwa kuti agogo aja musamawasiyire katundu. Chitseko ndimapiringidza ngakhale masana, ndipo wobwera ndimayamba ndamuonera pawindo.

Komabe ndikupempheni chinthu chimodzi, inu amene mwafika nane mpaka pano. Mukamadutsa msewu wa kunyanjawu, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, mudzapatukeko. Funsani kwa Nankhoma wa mkono wokhota. Akakuuzani kuti musamale chikwama, musatsutsane nawo. Mukafika, odi wanu muyambire patali, mutchule dzina lanu ndi kwanu. Chakudya chophikaphika musabweretse, sindidya chimene sindinaone pophika. Ndikachedwa kutsegula musakwiye, ndikhala ndikukuyang'anani. Mwina sindidzakukhulupirirani, koma mpando ndidzakupatsani. Ndipo mukapeza chitseko chili chitsekere dzuwa lili pamutu, gogodani kolimba.

Bwerani msewu ukadali mbee. Musadikire masamba.